TCHAJA YOYENERA NDI KASAMALIDWE KA MABATIRE A KAMERA

Mwezi uno tifuna kukamba ndi anthu amene ali ndi makamera a makono, aja osalowa filimu, amene amasunga zithunzi pa kakhadi. M'maboma a Machinga ndi Balaka makamera otere alipo ndithu, ngakhale kuti masiku ano anthu ambiri ajambula ndi foni. Alipo anyamata amene amayenda pa njinga, kamera iri pakhosi, kunka ku maukwati, ku zinamwali, ku chikondwerero cha Eid ndi ku masukulu pa tsiku lotsekera, ndipo chakudya cha ana ao chichokera pa kamerayo. Alipo alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amene anapatsidwa kamera ya ku nchito. Aliponso aphunzitsi, ndi aja operekeza alendo m'nkhalango ya Liwonde. Onsewa dandaulo lao ndi limodzi, lakuti kamera ikali yabwino koma batire silikhalitsa moto.

Wojambula amene batire lamthera pamene mkwati ali kulowa m'tchalitchi sangauze anthu kuti abwereze ukwati mawa. Ndalama imene analandira abweza, ndipo mbiri yache iipa m'mudzi monse. Komanso batire latsopano la kamera si chinthu chopezeka pa golosale ya pa Nsanama kapena pa Phalula. Munthu ayenera kulipira ulendo wa ku Zomba kapena ku Blantyre, ndipo mwina kumenekonso sakalipeza. Kawiri kawiri chimene chipha batire msanga ndicho tchaja yosayenera ndi kutentha, ndipo ziwiri zonsezi mwini kamera angathe kuzipewa.

Miyala ya tochi ndi mabatire otchaja

Tiyambe ndi chimene ali yense achidziwa. Pa kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 kunapezeka kuti mabanja oposa theka m'dziko muno amaunikira nyumba zao ndi nyali za mabatire, pamene a magetsi anali ngati 11 okha pa mabanja 100 ali onse. Tsono miyala ya tochi ndi ya wailesi tiidziwa bwino. Miyala imeneyi inapangidwa kuti igwire nchito kamodzi, ikatha itayidwe. Ena amaiyanika pa dzuwa, ena amaiphwanya pang'ono ndi mwala, ndipo wailesi ilankhuladi madzulo amodzi. Koma kumeneko ndiko kufinya madontho otsala chabe, moto watsopano sunalowemo. Mwala wotere musauike pa tchaja iai. Umatentha, nutulutsa madzi oononga zitsulo, ndipo nthawi zina uphulika.

Makamera ena ang'ono, ndiponso nyali zija zong'anima zimene ojambula amamanga pamwamba pa kamera, amalowa mabatire a msinkhu wa chala olembedwa AA, awiri kapena anai. Munthu akaikamo miyala yotsika mtengo ya pa msika, ajambula zithunzi zowerengeka, kamera nizima. Iye ayesa kuti kamera yaonongeka, koma siinaonongeke. Kamera imakoka moto wambiri pa nthawi imodzi, makamaka potulutsa diso lache ndi podzaza nyali yong'anima, ndipo mwala wamba sungathe kupereka moto wotero msanga. Mukauchotsa ndi kuuika m'wailesi muona kuti ukali ndi moto wa masiku angapo.

Oyenera kamera yotere ndiwo mabatire otchaja olembedwa NiMH, amene anayamba kugulitsidwa cha m'ma 1990. Pa batire lotere palembedwa 1.2V, pamene pa mwala wamba palembedwa 1.5V, ndipo ogula ambiri amanyengeka nazo, nati la 1.2V ndi lofooka. Si tero. Mwala wamba uyamba pa 1.5V koma utsika msanga kamera ikayamba kuukoka, pamene la NiMH likhala pafupi ndi 1.2V kufikira litatsala pang'ono kutha. Makamera ena ali ndi malo pamene mwini auza kamera mtundu wa batire limene waikamo. Ngati yanu iri napo, sankhani NiMH, kuti chizindikiro cha batire chisakunamizeni. Anthu a ku Balaka angakondwe kumva kuti m'kati mwa batire la NiMH muli zitsulo zosowa zochedwa lanthanum ndi cerium, zosanganiza ndi nickel, ndipo zitsulo za mtundu womwewo ziri m'miyala ya phiri la Kangankunde, m'boma lao lomwelo.

Koma makamera ambiri amalowa batire la lithium, lija la ngodya zinai, lopangidwira kamera ya mtundu wache wokha. Limeneli ndi mbale wache wa batire la foni. Kampani ya Sony ya ku Japan ndiyo inayamba kugulitsa mabatire otere m'chaka cha 1991, ndipo m'chaka cha 2019 akatswiri atatu amene anawatulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel. Batire la lithium ndi lopepuka ndipo lisunga moto wambiri, koma likazunzidwa silikhululuka. Ngakhale kampani yaikulu ya Samsung m'chaka cha 2016 inaitanitsa mafoni ache a Galaxy Note 7 kwa amene anagula, chifukwa mabatire ache ena anali kuyaka moto. Ngati zinatero kwa eni mafakitale, nanga kwa ife otchajira pa tchaja yosadziwika kwao?

Zolembedwa pa batire

Pa batire liri lonse pali manambala awiri ofunika. Ya chilembo V inena mphamvu imene moto utuluka nayo, ndipo imeneyi iyenera kugwirizana ndi kamera ndi tchaja. Ya zilembo mAh inena kuchuluka kwa moto umene batire lingasunge, monga momwe tinenera kukula kwa mtsuko. Pa tchaja pamakhalanso nambala ya mA, imene inena kukula kwa chikho chothirira mumtsukomo.

Apa ndi pamene pali chinyengo chambiri. Batire leni leni la NiMH la AA limasunga pakati pa 1900 ndi 2700 mAh. Mukaona la msinkhu womwewo lolembedwa 3800 kapena 4800 mAh, dziwani kuti wolembayo ananama, pakuti moto wotero sungakwane m'kachitini kakang'ono kotero. Linyamuleni m'dzanja. Leni leni lilemera pafupi magalamu 30, pamene lonyenga kawiri kawiri lipepuka moonekeratu, chifukwa mankhwala anaikamo pang'ono. Ife tikuti batire lolembedwa 2000 mAh la kampani yodziwika liposa la 4800 mAh lopanda dzina, ngakhale mtengo wache uli wokwerapo. Pogula funsani risiti. Amene anyengedwa ndi katundu wabodza angakadandaule ku bungwe la Boma loona za malonda achilungamo la Competition and Fair Trading Commission, koma wopanda risiti mlandu wache ubvuta.

Matchaja a mabatire a AA

Matchaja amenewa alipo a mitundu itatu, ndipo kunja kwao afanana kwambiri, kotero kuti wogula ayenera kufunsa ndi kuwerenga. Safunsa anadya phula.

Yoyamba ndi ija yotsika mtengo koposa zonse, imene ithira moto pang'ono pang'ono osaleka. Iribe nzeru yodziwira kuti batire ladzaza. Mukaiwala mabatire pamenepo masiku awiri, iyo ingothirabe, ndipo moto wosowa polowa usanduka kutentha kumene kuumitsa madzi a m'batire. Yachiwiri iri ndi koloko m'kati mwache. Ithira maola amene anaiikira ku fakitale, monga 8, nizima yokha. Imeneyi iri bwinoko, koma iri ndi bvuto limene kwathu kuno ndi lalikulu. Magetsi akazima ndi kuyakanso, koloko ija iyambanso kuwerenga pa chiyambi, ndipo batire limene linatsala ola limodzi kuti lidzaze lilandira maola ena 8. Ndiponso siidziwa ngati batire limene mwaikapo linali lotheratu kapena la theka.

Yachitatu ndiyo imene tikulangizani. M'kati mwache muli kachipangizo kamene kamayesa batire nthawi zonse. Batire la NiMH likadzaza, mphamvu yache itsika pang'ono zedi, ndipo liyamba kufunda. Tchaja ikaona zimenezi ileka yokha. Pa bokosi lache kawiri kawiri palembedwa mau a Chingerezi akuti smart kapena intelligent, koma mau okha musawakhulupirire, pakuti inki siidula. Yang'anani ngati malo ali onse oikapo batire ali ndi kanyali kachekache. Pemphani wogulitsa kuti muiyese pa sitolo pomwepo: ikanipo batire limodzi lokha. Ikayamba kutchaja, ndiye kuti isamala batire liri lonse pa lokha. Imene ikana kufikira mutaikapo awiri imawathira pamodzi ngati kuti ndi batire limodzi, ndipo lina lidzaza mopitirira pamene linzache likali ndi njala. Pakapita miyezi awiri onsewo afooka, lina chifukwa cha kukhuta, lina chifukwa cha njala.

Aliponso matchaja odzaza batire pa mphindi 15 zokha. Kwa wojambula amene ukwati uli pafupi kuyamba, imeneyi ioneka ngati mpulumutsi, koma kuthamanga sikufika. Moto wothiridwa mwa liwiro lotero utenthetsa batire kwambiri, ndipo likalamba msanga. Yabwino ndi imene idzaza batire pa maola 3 kufikira 5. Batire likamachoka pa tchaja liyenera kukhala lofunda chabe. Ngati litentha kotero kuti simungathe kulifumbata m'dzanja, tchajayo iri kulipha.

Amene muli kale ndi tchaja ya mtundu woyamba musaitaye, koma khalani inu eni koloko yache. Gawani nambala ya mAh ya pa batire ndi nambala ya mA ya pa tchaja, ndipo yankho lache ndiwo maola. Pakuti moto wina utayika m'njira, onjezerani maola 2 kufikira 4 pa maola 10 ali onse. Batire la 2000 mAh pa tchaja ya 200 mA lifuna maola 10, ndipo tikaonjezera otayika aja akwana 12 kufikira 14. Mawerengedwe amenewa ndi a batire lotheratu. La theka lifuna theka la nthawiyo. Aphunzitsi angapereke samu yotere kwa ana a makalasi apamwamba, ndipo makolo ao adzapindula nayo.

Tchaja ya batire la lithium

Kuno kulibe kusankha kwambiri. Tchaja imene inabwera ndi kamera ndiyo yoyenera, ndipo isungeni monga momwe musungira kamerayo. Chifukwa chache ndi ichi. Batire la lithium lolembedwa 3.7V liyenera kudzazidwa kufikira 4.2V, osapitirira ngakhale pang'ono. Tchaja yache ithira moto wambiri poyamba, ndipo ikafika pa malire amenewo iyamba kuchepetsa pang'ono pang'ono kufikira ileka. N'chifukwa chache batire lifika msanga pa magawo atatu a magawo anai, koma gawo lotsiriza lichedwa. Musayese kuti tchaja yafooka. Moto ukapitirira malire aja, m'kati mwa batire mupangika mpweya, batire litupa, ndipo lingathe kuyaka. Mabatire a makamera akuluakulu olembedwa 7.2V kapena 7.4V ali ndi mabatire awiri m'chikuto chimodzi, ndipo tchaja yao itulutsa 8.4V.

Ngati tchaja yeni yeni inatayika, kapena kamera munaigula kwa munthu yopanda tchaja, werengani dzina la batire, pakuti liri lonse liri ndi zilembo ndi manambala ache, ndipo funani tchaja yolembedwa dzina lomwelo. Tengani batire popita ku sitolo. Pansi pa tchaja pali mau akuti Output, ndipo nambala yotsatira mau amenewo ikhale 4.2V kwa batire la 3.7V, kapena 8.4V kwa la 7.4V. Tchaja ya NiMH siitchaja lithium, ndipo ya lithium siitchaja NiMH, pokha pokha ngati palembedwa poyera kuti ilandira mitundu yonse iwiri.

Ambiri akasowa chochita amathamangira tchaja ija ya timiyendo tiwiri tosuntha, imene anthu amatchajira mabatire a foni ochotseka. Pa batire la 7.4V imeneyi siithandiza konse. Pa la 3.7V ithira moto ndithu, koma taonani kuti pa batire la kamera pamakhala tizitsulo titatu kapena tinai, pamene tchaja ija igwira tiwiri tokha. Pa mabatire ambiri kachitsulo kachitatu ndiko kauza tchaja kuti batire latentha. Tsono tchaja ya timiyendo ithira moto iri yosamva. Pa tsiku la tsoka mungaigwiritse nchito muli pomwepo, ndi kukhudza batire kawiri kawiri, koma isakhale ya masiku onse.

Magetsi athu, sola ndi jenereta

Magetsi a ESCOM ndi a 230V, ndipo masoketi athu alandira pulagi ya mano atatu a ngodya. Makamera ambiri a m'maboma awiriwa anabwera ndi abale ochokera ku Joni. Kumeneko mphamvu ya magetsi ifanana ndi yathu, koma mapulagi ao ambiri ndi a mano obulungira, ndipo a ku Mozambique olowera pa Nayuchi ndi a mano awiri. Gulani adaputala yogwira bwino. Mchitidwe wotsegula soketi ndi kamtengo kuti pulagi ya mano awiri ilowe ndi woipa, pakuti pulagi igwedera, moto uthetheka, ndipo tchaja ingodukiza. Kamera yochokera ku America kapena ku Japan ifuna maso. Werengani pa mau akuti Input. Pakalembedwa 100-240V, ikani osaopa; koma pakalembedwa 100V, 110V kapena 120V pokha, tchajayo ipsa pa mphindi yomwe mwaiika.

Magetsi athu ambiri achokera m'madzi a Shire, amene ayamba ayesedwa pa chitseko cha Kamuzu Barrage pa Liwonde pompa, chomangidwa m'chaka cha 1965, asanatsikire ku makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa, kapena makina akaonongeka monga anachitira a ku Kapichira ndi namondwe Ana mu January 2022, magetsi amazima kawiri kawiri. Kuzima kokha sikuononga tchaja. Choopsa ndi nthawi imene ayakanso, pakuti mwina abwera ndi mphamvu yopitirira. Magetsi akazima zulani tchaja, ndipo akayaka dikirani mphindi zingapo musanaiikenso. M'nyengo ya dzinja, mitambo ikayamba kugunda, zulaninso, chifukwa mphenzi ikagwa pa mawaya ngakhale kutali, mphamvu yache iyenda m'mawayamo kufikira m'nyumba.

Amene muli kutali ndi mawaya, monga ku mbali za Chikweo, Ngokwe ndi m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, mudalira sola kapena malo otchajitsa pa msika. Sola yolembedwa 12V, dzuwa likakula, itulutsa 18V kapena kuposerapo, ndipo mtambo ukadutsa itsika mwadzidzidzi. Chifukwa chache musalumikize tchaja ya kamera ku sola mwachindunji. Moto uyambe walowa m'kabokosi kowongolera ndi m'batire lalikulu, ndipo inu mutenge kuchokera pamenepo. Masiku ano alipo matchaja a mabatire a kamera olandira moto wa 5V pa chingwe cha USB, monga foni. Kwa munthu wa ku mudzi imeneyi ndi yothandiza kopambana, pakuti ilowa pa sola ya m'nyumba, pa power bank ndi m'galimoto momwe, ndipo siitaya moto monga itayira inverter. Za jenereta tinene mwachidule: musaike tchaja poiliza kapena poizimitsa, ndiponso pamene iri kutsokomola chifukwa mafuta ali kutha. Mukasiya batire kwa otchajitsa, pitani ndi tchaja yanu, ndipo lembani dzina lanu pa zonse ziwiri.

Kutentha

Mdani wamkulu wa mabatire m'dera lathu ndiye dzuwa. Chigwa cha Balaka, Utale, Ulongwe ndi Liwonde chitentha kwambiri, ndipo m'miyezi ya October ndi November kutentha kupitirira madigiri 35 pa mthunzi pomwe. M'nyumba ya malata yopanda siling'i kuposa pamenepo, ndipo m'galimoto yotseka yoima pa dzuwa kungathe kufika madigiri 60. Opanga mabatire a lithium amaletsa kuwatchaja pamene kutentha kwapitirira madigiri 45. Kumbukirani kuti batire limadzitenthanso lokha likamalandira moto. Tsono masana a mwezi wa October, pa zenera la nyumba ya malata, malire amenewo afikidwa mosabvuta.

Tchajani m'mawa kapena madzulo, inu muli maso. Batire limene langochoka m'kamera likali lofunda liyambe lapuma. Tchaja ikhale pa simenti, pa njerwa kapena m'mbale ya chitsulo, pamalo popita mphepo. Isakhale pa matiresi, pa mphasa, pansi pa pilo, kapena pafupi ndi neti ya udzudzu, ndipo musaipfunditse nsalu poopa pfumbi. Amene nyumba zao ndi za udzu asamale koposa, pakuti moto wa batire la lithium ubuka mwadzidzidzi ndipo ulavula malawi. Tidziwa kuti kumene magetsi ayaka usiku wokha anthu amasiya zinthu pa soketi nakagona. Ngati palibe njira yina, tchaja ikhale yeni yeni yoleka yokha, ndipo ikhale pa simenti, kutali ndi pogona ana.

Chikwama cha kamera chakuda chomangidwa kumbuyo kwa njinga kuchokera pa Ntaja kufikira pa Nselema chimamwa dzuwa njira yonse. Chikulungeni m'nsalu yoyera, ndipo mukafika chiikeni pa mthunzi.

Kagwiritsidwe ndi kasungidwe

Pali chiphunzitso chakale chakuti batire lithe moto wonse lisanatchajidwe. Chiphunzitso chimenechi chinali cha mabatire a NiCd, amene Waldemar Jungner wa ku Sweden anatulukira m'chaka cha 1899, ndipo m'makamera a lero sapezekamo. Kwa batire la lithium chiphunzitsocho ndi choononga. Limeneli likondwa kuonjezeredwa moto lisanathe, ndipo kamera ikazima yokha musaikakamize kuyakanso kuti mujambule chithunzi chimodzi. Likasiyidwa lopanda moto miyezi yambiri litsika kupitirira malire ache, ndipo tchaja ilikana. Likasiyidwanso lodzaza tho pa malo otentha likalamba msanga. Mukafuna kusunga kamera nthawi yaitali, monga nyengo yolima pamene maukwati achepa, siyani batire liri ndi theka la moto, lichotseni m'kamera, ndipo muzilionjezera pang'ono pakapita miyezi itatu iri yonse. Losamalidwa bwino lingathe kudzazidwa nthawi 300 kufikira 500 lisanafooke kwambiri. Koma lithium imakalamba ngakhale iri m'bokosi, kotero musagule mabatire ambiri osungira zaka za m'tsogolo; awiri osinthanitsa akwanira.

Mabatire wamba a NiMH ali ndi khalidwe lina. Amataya moto okha ali chikhalire, ndipo kotentha kuno angathe kutaya gawo limodzi la magawo anai kapena kuposa pa mwezi umodzi. Amene munawadzaza mwezi watha musapite nao ku nchito osawaonjezera dzulo lache. M'chaka cha 2005 kampani ya Sanyo inatulutsa mtundu wina wochedwa Eneloop, umene usunga moto wache wambiri ngakhale papite chaka, ndipo tsopano makampani ena apanganso otere. Pa paketi yao palembedwa pre-charged kapena ready to use. Kwa mphunzitsi kapena mlangizi amene ajambula mwa kamodzi kamodzi, amenewa ndiwo oyenera, ngakhale nambala yao ya mAh iri yocheperapo.

Mabatire a AA amene munagula pamodzi akhale pamodzi moyo wao wonse. Alembeni chizindikiro, gulu lina A, gulu lina B. Mukasanganiza latsopano ndi lakale, lakale litha moto poyamba, ndipo anzache apitiriza kukankha moto kupyola m'kati mwache chobwerera, nalionongeratu. Musawaike m'thumba limodzi ndi makobiri, makiyi kapena misomali, pakuti chitsulo chikalumikiza mitu yache iwiri batire litentha ngati khala, ndipo lingathe kuotcha ntchafu. Asungeni m'kabokosi ka pulasitiki. Tizitsulo ta pa batire ndi ta pa tchaja tikada ndi thukuta kapena chinyezi cha ku nyanja ya Chilwa, tipukuteni ndi nsalu youma kapena ndi chofufutira pensulo. Mabatire ambiri amene eni ache anawayesa akufa anali akuda pakamwa chabe.

Moto wambiri wa kamera uthera pa galasi loonerapo la kumbuyo ndi pa nyali yong'anima. Wojambula amene aonetsa chithunzi chiri chonse kwa khamu la ana omzinga adzapeza batire latha nkhani isanafike pakati. Chepetsani kuwala kwa galasilo, ndipo masana zimitsani nyali yong'anima ngati siifunika.

Batire likatha nchito

Batire la lithium limene layamba kubvuta polowa kapena potuluka m'kamera latupa, ngakhale maso asaone. Liikeni pa tebulo losalala ndi kulizunguza. Likazungulira ngati nguli, mimba yache yatuluka. Lotere musalitchajenso, musaliboole kuti mpweya utuluke, ndipo musalipanikize kuti libwerere. Likakakamira m'kamera lingathe kuthyola chitseko chache. Ngati batire layamba kufuka, zimitsani magetsi poyamba, tulutsani anthu chifukwa utsi wache ndi woipa, ndipo likwirireni ndi mchenga kapena lithireni madzi ambiri. Madzi otuluka m'mabatire a AA amaotcha khungu. Sambani ndi madzi ambiri, ndipo akalowa m'maso tsukani nthawi yaitali ndi kupita ku chipatala.

Mabatire akufa musawaponye pa moto wa zinyalala, m'chitsime, m'munda kapena m'mtsinje, makamaka akale olembedwa NiCd, pakuti cadmium ndi poizoni amene akhala m'nthaka zaka zambiri. Matani tepi pa tizitsulo tache, asungeni m'chitini pa malo ouma kumene ana safika, ndipo popita ku tauni funsani kwa ogulitsa mabatire ndi okonza mafoni ngati alandira akufa. Aphunzitsi achenjeze ana amene amaswa mabatire kuti atenge kamtengo kakuda ka m'kati, ndiponso auze makolo kuti mwana akameza kabatire kaja konga batani athamange naye ku chipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kadzatuluka kokha.